ZA MIZERE YOSAONEKA YA PA TSAMBA

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za cinthu cimene cikhala m'manja mwanu kawirikawiri, koma kapena simunacipenyetse. Tengani tsamba liri lonse la magazini, kapena la Buku Lopatulika, mulitalikitse pang'ono ndi nkhope yanu kufikira mau aleka kuwerengeka. Mudzaona kuti mauwo sanamwazike monga mapira ofesedwa, iai. Aima m'magulu otsika kucokera pamwamba kufikira pansi, pakati pao pali kanjira koyera, ndipo m'mphepete monse mwatsala malo opanda kanthu. Gulu limodzi lotere la mau lichedwa danga. Mukatembenuza tsamba mudzapeza madanga ena ataima pa malo omwewo, ndi nambala ya tsamba iri pomwe inali paja.

Izi sizingocitika zokha. Mmisiri womanga nyumba ya njerwa ayamba wakhoma zikhomo nakoka cingwe, asanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Nyumba itatha acotsa cingwe cija, ndipo wopita m'njira ayamikira khoma loongoka, osadziwa comwe cinaliongola. Nalonso tsamba liri ndi zikhomo ndi zingwe zace, ndizo mizere imene woyala mau aijambula poyamba, koma siituruka pa pepala losindikizidwa. Mizere yonseyi pamodzi tiicha cimango ca tsamba, monga tinena cimango ca nyumba.

Wina angati, Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji zimenezi? Zitikhudza ndithu. Kumbukani mkuru wa mpingo amene aimirira kuwerenga pamaso pa anthu, maso ace atayamba kucita mdima. Kumbukani mai amene anaphunzira kuwerenga atakula kale, nalondola mzere ndi cala cace. Tsamba likayalidwa moipa, oyamba kusokera ndi iwowa, ndipo wosokera kawiri katatu apinda pepala nalisiya. Komanso pepala ligulidwa ndi ndalama, ndipo wosindikiza ali yense ayesedwa kupanikiza mau ambiri pa malo ang'ono. Mbiri imene tikambe pano ndiyo ya kukokana kwa zinthu ziwirizi, diso la wowerenga ndi mtengo wa pepala.

M'MASIKU A MPUKUTU

Danga ndi lakale kuposa buku la masamba. Pa Yeremiya mutu 36 timva za mpukutu umene Baruki analembamo mau a mneneri, zaka ngati 600 Ambuye asanabadwe. Mfumu Yehoyakimu inali kuotha moto m'nyengo yozizira, ndipo wowerenga akatha madanga atatu kapena anai, inkadula cigawo cimeneco ndi mpeni niciponya pamoto, kufikira mpukutu wonse unapsa. Liu la Cihebri lonena madanga pa ndime imeneyo ndilo lomwe linena zitseko, pakuti danga liri lalitali ndi lopapatiza monga citseko. Potero tidziwa kuti alembi a masiku aja anali kugawa kale mau ao m'madanga. Sakadatha kucita mwina, popeza mpukutu utalika mikono yambiri, ndipo mzere umodzi woyenda kucokera ku nsonga iyi kufikira ku nsonga inzace sukadawerengeka konse.

M'caka ca 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu yakale m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja ya Mcere. Umodzi wa iyo unali buku lonse la Yesaya, lolembedwa zaka zoposa 100 Ambuye asanabadwe. Mpukutuwo ndi wa zikopa 17 zosokedwa pamodzi, utali wace upitirira mamita 7, ndipo uli ndi madanga 54. Alembi a mipukutu imeneyi ankayamba akanda cikopa ndi cinthu cosongoka copanda inki, mizere ina yopingasa yakuti zilembo zitsate, ina yotsika yosonyeza poyambira ndi pothera danga. Ife tikhazika zilembo pamwamba pa mzere, koma iwo ankazilendewetsa kunsi kwace, monga zobvala zoyanikidwa pa cingwe.

Mpukutu wa mtundu wotere ndiwo anapatsidwa Ambuye wathu m'sunagoge wa ku Nazarete, monga atiuza Luka pa mutu 4. Unalibe manambala a mitu kapena a ndime. Wofuna mau ena ankafunyulula ndi dzanja limodzi, nakulunga ndi linzace, napyola danga ndi danga kufikira atawapeza.

BUKU LA MASAMBA

Akristu oyamba anakonda buku la masamba osokedwa kumsana koposa mpukutu, pakuti lilembedwa mbali zonse ziwiri, ndipo munthu atsegula pomwepo pamene afuna. Koma cizolowezi sicifa msanga. Pali Baibulo lakale la Cigriki, dzina lace Codex Sinaiticus, lolembedwa m'zaka za m'ma 300, limene linasungidwa nthawi yaitali m'nyumba ya amonke patsinde pa phiri la Sinai. Liri ndi madanga anai pa tsamba limodzi, danga liri lonse la mizere 48. Ndipo ukalitsegula uona madanga 8 ondondozana, ngati mpukutu wofunyululidwa. Madangawo ndi opapatiza kotero kuti mzere utenga zilembo ngati 13 zokha, popanda mpata pakati pa liu ndi liu. Koma taonani nzeru ya alembiwo: atafika pa Masalmo ndi Miyambo ndi mabuku ena a ndakatulo, anayala madanga awiri otakata, kuti mzere wa salmo usaduke pafupipafupi. Anasintha cimango cao kuti ciyenerane ndi mau. Buku lina la nthawi yomweyo, Codex Vaticanus, liri ndi madanga atatu. Ndi Codex Alexandrinus, la m'zaka za m'ma 400, liri ndi awiri. Madanga awiriwo ndiwo anakhazikika m'Baibulo m'kupita kwa zaka.

M'nyumba za amonke za ku Ulaya mlembi sankayamba ndi colembera. Ankasanjikiza zikopa zingapo, natenga kacitsulo kosongoka, naboola timabowo tondondozana m'mphepete, kupyoza zikopa zonse nthawi imodzi. Pamenepo ankalumikiza bowo ndi bowo linzace la tsidya lina ndi mzere woongoka. Ndipo popeza mabowo anali amodzimodzi, masamba onse anaturuka ofanana. Poyamba ankangokanda cikopa, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1100 anazolowera kujambula mizere ndi mtobvu. Cikopa cinali ca mtengo wapatali, pakuti Baibulo limodzi lalikuru linatha zikopa zoposa 100 za nkhosa kapena za ana a ng'ombe. Komabe alembi anasiya mphepete zotakata, kuti zala za wogwira zisadetse mau, ndi kuti wophunzira apeze polemba zomasulira zace.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1200 mabuku a m'Baibulo anagawidwa m'mitu imene tiri nayo lero. Nchito imeneyi iikidwa pa dzina la Stephen Langton, mphunzitsi wa ku Paris amene pambuyo pace anakhala bishopu wamkuru wa ku Canterbury, namwalira m'1228. M'zaka zotsatira alembi a ku Paris analemba Baibulo lonse m'buku limodzi laling'ono, la zikopa zopyapyala ndi zilembo zazing'ono, la madanga awiri, dzina la buku liri pamwamba pa tsamba, ndi mitu iri ndi manambala ace. Alaliki oyendayenda anakhoza kulinyamula pa ulendo.

MIZERE 42 YA GUTENBERG

Ca m'caka ca 1455 Johannes Gutenberg wa ku Mainz, m'dziko la Germany, anatsiriza Baibulo la Cilatini, buku lalikuru loyamba ku Ulaya kusindikizidwa ndi zilembo za citsulo zoyalidwa cimodzi cimodzi. Njira inali yatsopano, koma tsamba linali lakale lomwe lija, la madanga awiri, mphepete zotakata, ndi zilembo zotsanzira dzanja la alembi. Kuti mizere yonse ithere pa malo amodzi, anaumba zilembo ndi zizindikiro za mitundu ngati 290, zina zonenepa, zina zoonda, zina zophatikana ziwiri, zina zofupikitsa liu; ndipo woyala ankasankha zomwe zidzadzaza mzere popanda kusiya mipata yoipa.

M'buku limeneli kukokana kuja kuoneka ndi maso. Masamba oyamba anayalidwa ndi mizere 40 pa danga. Tsamba la 10 liri ndi mizere 41. Ndipo kuyambira tsamba la 11 mizere iri 42. Odziwa mbiri ayesa kuti anafuna kusunga pepala ndi zikopa. Mizere iwiri ioneka yacabe, koma ndi iyo mau a masamba 21 analowa m'masamba 20. Ndipo Baibulolo linali la masamba oposa 1,200, nasindikiza mabuku ngati 180. Cimene tiyenera kucisamala ndi ici, kuti sanatalikitse danga, kapena kudya mphepete. Anangocepetsa mpata wa pakati pa mzere ndi mzere, pang'ono pokha pamene diso silidandaula. Anayesanso kusindikiza mitu ndi inki yofiira, koma analeka msanga, popeza pepala liri lonse linayenera kulowa m'makina kawiri. Tsono anasiya malo oyera kuti mmisiri adzalembemo ndi dzanja. Mwa mabukuwo atsala 49 lero, ena athunthu, ena operewera.

Nthawi zina cimango cinasenza katundu wolemera koposa uyu. Ku Alcalá, m'dziko la Spain, Kadinala Ximénez de Cisneros anasonkhanitsa ophunzira ndi osindikiza kuti apange Baibulo la zinenero zingapo, limene linasindikizidwa kuyambira 1514 kufikira 1517, m'mabuku 6. M'Cipangano Cakale, Cihebri cinaima pa danga lakunja, Cilatini pakati, ndi Cigriki pa danga la kumsana. Ndipo m'mabuku asanu a Mose munalinso Ciaramu kunsi kwa tsamba. Bvuto linali lakuti zinenero sizilingana utali. Cimene cina cinena ndi mau owerengeka, cinzace cinena ndi ambiri. Tsono pomwe danga lina linafuna kutsogola, osindikiza anadzaza mpata ndi tizizindikiro tozungulira, kuti madanga ayendere limodzi, ndi wophunzira alinganize mzere ndi mzere unzace.

Manambala a ndime anadza pambuyo. Robert Estienne, wosindikiza wa ku Paris amene anasamukira ku Geneva cifukwa ca cikhulupiriro cace, anawaika m'Cipangano Catsopano m'1551, ndi m'Baibulo lonse la Cilatini m'1555. Cifukwa ca iye mlaliki achula buku, mutu ndi ndime, ndipo mpingo wonse upeza malo amodzi.

MUYESO UMODZI

Kwa osindikiza a zilembo za mtobvu, ngakhale malo oyera a pa tsamba anali cinthu cogwirika ndi manja. Woyala ankatola zilembo m'zipinda za bokosi, naziika mozondoka pa kacitsulo ka m'dzanja lace. Pakati pa liu ndi liu ankalowetsa timitobvu tatifupi tosafika pa inki. Pakati pa mizere, timapale topyapyala. Ndi m'mphepete, timatabwa kapena zitsulo. Zonsezi ankazimanga m'cimango ca citsulo, nazipanikiza ndi tizikhomo. Cidutswa cimodzi cikaperewera, ponyamula zilembo zinkakhuthukira pansi, ndipo nchito ya tsiku lonse inkatayika. Cifukwa cace muyeso unali nkhani yaikuru. Koma kwa zaka zambiri woumba zilembo ali yense anali ndi muyeso wace wace, ndipo zilembo za uyu sizinkakhala bwino ndi za uyo.

M'1737 Pierre-Simon Fournier wa ku Paris anaturutsa muyeso wa timagawo tating'ono tochedwa mapointi, umene François-Ambroise Didot anaukonzanso pambuyo pace. Oumba zilembo a ku America anabvomerezana muyeso wao m'1886: mapointi 12 apanga pica imodzi, ndipo ma pica 6 atsala pang'ono kukwana inchi. Pa kompyuta lero mapointi 72 ndiwo inchi yathunthu. M'1922 a ku Germany anagwirizananso za ukuru wa mapepala, ndipo kumeneko kunacokera pepala la A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, limene ana athu alidziwa kusukulu.

Pali lamulo linanso locokera ku kupinda. Pepala lalikuru lopindidwa kamodzi lipatsa masamba 4, kawiri, 8, katatu, 16. Ndico cifukwa cace magazini yomangidwa pakati siikhala ya masamba 15 kapena 21, ndipo mkonzi amene nkhani yamtalikira ndi theka la tsamba ayenera kusankha, kuidula kapena kuonjeza masamba anai.

NKHOKWE YA MWEZI NDI MWEZI

M'1731 Edward Cave wa ku London anayamba kuturutsa The Gentleman's Magazine mwezi ndi mwezi, ndipo ndiye woyamba kucha pepala lotere magazini. Liuli gwero lace ndi Ciarabu, ndipo litanthauza nyumba zosungiramo katundu. Ife tikadati nkhokwe. Dzinalo linayenera, pakuti m'menemo munali nkhani zazitali ndi zazifupi, ndakatulo, makalata, mitengo ya malonda, ndi maina a obadwa, okwatirana ndi omwalira. Buku liyenda ngati mtsinje umodzi, koma nkhokwe yotere isunga mbeu zamitundumitundu zimene siziyenera kusanganizika. Cave anayala madanga awiri, cifukwa zilembo zazing'ono pa mzere wautali zisokeretsa diso pobwerera kumanzere, ndipo tinkhani tatifupi tikhala bwino m'danga lopapatiza.

Zithunzi zinaonjeza bvuto. The Penny Magazine, imene Charles Knight anayamba m'1832 kuti anthu a nchito awerenge pa mtengo wa peni imodzi, inali ya masamba 8 mlungu uli wonse, ndipo m'caka coyamba inkagulidwa makope ngati 200,000. Zithunzi zace zinasemedwa pa mtengo wolimba, woduliratu msinkhu umodzi ndi zilembo, kuti zonse zimangidwe m'cimango cimodzi ndi kusindikizidwa pamodzi. Potero wosema anayenera kudziwa kutakata kwa danga asanagwire mpeni. M'1842 kunabadwa The Illustrated London News, imene kope lace loyamba linali la masamba 16 ndi zithunzi 32. Kumathero kwa zaka za m'ma 1800 kunapezeka njira ya kusindikiza zithunzi za kamera, ndipo amalonda anadza ndi zolengeza zao, yense kufuna kupfuula koposa mnzace. Masamba ambiri anadzala ndi zilembo zamitundumitundu, maluwa ndi mikombero, kufikira wowerenga anasowa poyambira. Akuru athu anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

LAMULO NDI MALIRE ACE

Nkhondo yaikuru yoyamba itatha, amisiri acinyamata a ku Germany ndi maiko oyandikana nalo anatopa nazo zokometserazo. Mmodzi wa iwo, Jan Tschichold, wobadwira ku Leipzig m'1902, mwana wa wolemba zikwangwani, anaturutsa buku m'1928, dzina lace Die neue Typographie, ndiko kunena kusindikiza kwatsopano. Anaphunzitsa kuti maluwa onse acoke, zilembo zikhale zosalala zopanda timapazi, mutu wa nkhani usakakamizidwe kukhala pakati, ndi kuti malo oyera nawo agwira nchito pa tsamba. M'1933 boma la Nazi linammanga, pomnenera kuti nchito yace iipsa mwambo wa Germany. Ndipo atamasulidwa anathawira ku Basel, m'dziko la Switzerland, ndi mkazi wace ndi mwana.

Kumeneko mtima wace unatembenuka. M'1946, potsutsana poyera ndi mmisiri mnzace Max Bill, anabvomera kuti kuuma kwa malamulo a ubwana wace kunali pa cibale ndi mzimu wolamulira mwankhanza umene anauthawa, ndi kuti njira yoyenera cikwangwani ca malonda siiyenera buku lowerengedwa nthawi yaitali. Kuyambira 1947 kufikira 1949 anagwira nchito ku England kwa a Penguin Books, osindikiza mabuku otsika mtengo, nawalembera oyala zilembo malangizo a masamba anai okha, onena tinthu tating'ono monga mpata wa pakati pa mau. Tiyesa kuti munthu amene aleka ciphunzitso cimene cinamchukitsa, cifukwa ca kusamala wowerenga, ayenera ulemu.

Amisiri ena a ku Switzerland anapitiriza njira ya muyeso, naifikitsa patali. Ku Zürich, Josef Müller-Brockmann ndi anzace atatu anaturutsa magazini yochedwa Neue Grafik kuyambira 1958 kufikira 1965, m'Cijeremani, Cingelezi ndi Cifalansa, pa cimango ca madanga anai. Bvuto lomwe lija la ku Alcalá linabweranso patapita zaka zoposa 400. Iye anaphunzitsa kugawa tsamba mopingasanso, kuti likhale ndi zipinda zolingana, 8 kapena 20 kapena 32, ndi kuti msinkhu wa cipinda ukwane mizere yathunthu ya mau. Potero cithunzi citenga cipinda cimodzi, ziwiri kapena zinai, ndipo mutu wace ndi phazi lace zilingana ndi mizere ya m'danga la pambali. Zimenezi anazilongosola m'buku lace la m'1981.

Karl Gerstner wa ku Basel, pokonza magazini ya za cuma yochedwa Capital m'1962, anafuna cimango cimodzi cololeza madanga ocuruka mosiyanasiyana. Anagawa kutakata kwa malo a mau m'timagawo 58, nasiya timagawo 2 pa kanjira kali konse. Madanga awiri atenga timagawo 28 liri lonse, atatu, 18, anai, 13, asanu, 10, asanu ndi limodzi, 8. Ana a sukulu ayese masamu amenewa, adzapeza kuti nthawi zonse akwana 58. Kuyambira 1985, pamene kunaturuka PageMaker, nchito ya kuyala masamba inayamba kusamukira pa kompyuta. Ndipo mizere imene mlembi ankakanda pa cikopa ioneka tsopano pa galasi, nizimirira posindikiza.

KUNO KWATHU

Makina osindikizira anafika m'dziko la Malawi ndi amishoni. A ku Blantyre anayamba Life and Work m'1888, a ku Livingstonia The Aurora m'1897, ndi a mishoni ya Dutch Reformed anayamba Mthenga m'1909, m'cinenero ca anthu. Anyamata a m'midzi anaphunzira kutola zilembo za mtobvu ndi kuzimanga m'cimango, monga anacitira anyamata a Gutenberg. Buku Lopatulika linaturuka lathunthu m'1922. Ndipo mukalitsegula muona madanga awiri a alembi akale, mitu ya Langton, ndi ndime za Estienne.

Koma cimango coyesedwa pa Cingelezi siciyenera cinenero cathu osacikonza. Mau athu ndi atali, pakuti tiphatikiza wocita, nthawi, wocitiridwa ndi kukana m'liu limodzi. Liu lakuti sitidzawakumbukiranso liri ndi zilembo 21. M'danga lopapatiza la zilembo 30 liu lotere lidya mzere pafupifupi wonse, ndipo woyala akakamizidwa kulidula, kapena kusiya mipata yaikuru imene itsika m'danga ngati ngalande. Podula, tikumbuke kuti mphatikizo zathu zithera pa a, e, i, o, u. Tidula ku-mbu-ki-ra, si kum-buk-ira ai. Kompyuta yozolowera Cingelezi siidziwa ici, ndipo ifunika munthu woiyang'anira.

Tsono kwa iwo amene adzayala magazini ya mpingo, kapena kalata wa msonkhano, mbiriyi isiya malangizo awa. Coyamba, yambani ndi wowerenga wofoka maso, musankhe zilembo zimene iye aziona pa kuunika kwa nyali. Ciwerengero ca madanga cidze pambuyo. Caciwiri, yesani mzere: osindikiza apeza kuti zilembo 60 kapena 70 zikwanira pa tsamba la danga limodzi, ndi 40 kapena 50 pa tsamba la madanga angapo, kwa ife madanga awiri otakata aposa atatu opapatiza. Cacitatu, yalani masamba awiri openyana nthawi imodzi, pakuti wowerenga awaona pamodzi. Musiye malo kumsana kuti mau asamire mu mpindo, ndi kunsi ndi kunja kuti zala zipeze pogwira. Cacinai, mizere ya kutsogolo kwa pepala igone pa mizere ya kuseri kwace, kuti inki yoonekera pa pepala lopyapyala isadetse mipata. Cacisanu, nambala ya tsamba ndi mitu ya zigawo zikhale pa malo amodzi mwezi ndi mwezi, kuti munthu apeze nkhani za mipingo kapena phunziro la ana monga apeza khomo la kwao usiku. Ndipo ikadza nyimbo kapena ndakatulo imene siikwana m'danga, citani monga alembi a Codex Sinaiticus, mutakase danga.

Ndalama zikacepa, monga zicepa kawirikawiri, ciyeso ca kucepetsa zilembo ndi kudya mphepete cidzafika. Pamenepo nkwabwino kufupikitsa nkhani, kusiyana ndi kusindikiza zonse m'tizilembo timene agogo sangawerenge. Pakuti pepala losawerengedwa ndilo latayitsa ndalama zonse.

Cotsiriza, tikupemphani inu owerenga: ngati pali tsamba limene likusokeretsani powerenga pamaso pa anthu, kapena zilembo zimene zikupwetekani maso, musakhale cete. Uzani mphunzitsi kapena mkuru wa mpingo, atilembere kalata. Pakuti woyala mau sakhala nanu pamene muwerenga, ndipo sadziwa pomwe mwapunthwa mukapanda kumuuza. Mulungu akhale nanu nonse kufikira mwezi wa mawa.